Mpata wa pa Bolodi: Cholowa cha Okonza Wailesi kwa Opanga Maloboti

M'misika ya m'boma la Dedza, kuyambira pa Chimbiya ndi Linthipe mpaka ku Lobi, Mayani ndi Mtakataka, muli ntchito imene sitiikumbukira kawirikawiri tikamakamba mbiri ya luso m'dziko muno. Ndi ntchito yokonza wailesi, imene lero yakula n'kuphatikiza mafoni, masipika ndi nyale za sola. Mmisiri wake amakhala pakhonde la golosale, tebulo lake litadzaza ndi mabolodi ochotsedwa m'zipangizo zakufa, ndipo chuma chake chachikulu ndi maso odziwa kulondola njira za mkuwa zimene magetsi amayendamo. Masiku ano achinyamata a m'sukulu ndi m'makoleji ayamba kupanga timaloboti toyendera mabatire, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti luso loyala tizipangizo pa bolodi lafika m'Malawi dzana lino kudzera pa intaneti. Mbiri ikukana. Luso limeneli linayamba kulowa kuno zaka zoposa 70 zapitazo kudzera pa tebulo la wokonza wailesi, ndipo linakhazikika chifukwa cha chinthu chooneka chaching'ono: wailesi zakale zinali ndi mpata wokwanira m'kati mwake, woti diso lione, dzanja lilowe. Mpatawo utayamba kuchepa, khomo lophunzirira nalo linayamba kutsekeka. Choncho wachinyamata amene akujambula bolodi ya loboti yake lero akugamula, modziwa kapena mosadziwa, ngati chinthu chakecho chidzatheka kukonzedwa pa Chimbiya kapena chidzathera kudzala.

Nkhaniyi imayambira ku Lusaka. M'zaka za m'ma 1940 boma la atsamunda linakhazikitsa kumeneko nyumba youlutsira mawu imene inadzatchedwa Central African Broadcasting Station, yoti izilankhula ndi anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zawo, kuphatikizapo Chinyanja. Vuto linali lakuti ofunika kumverawo analibe wailesi, poti zimene zinalipo zinali zodula ndipo zambiri zinkafuna magetsi a m'nyumba. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anafunafuna ku Britain kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo, mpaka kampani ya mabatire ya Ever Ready inavomera. Mu 1949 inatulutsa Saucepan Special, wailesi imene thupi lake linali sefuliya ya aluminiyamu yopanda chogwirira. Inali ndi ma valve anayi, inkagulidwa mapaundi 5, ndipo batire yake yaikulu, ya mashiling'i 25, inkakhala kunja. Chofunika kwambiri kwa ife ndi chakuti mabowo ake anatchingidwa ndi kaukonde kopyapyala kuti tizilombo tisalowe. Cholinga cha atsamunda pofalitsa wailesiyi chinali chawochawo, chofuna kuti mawu a boma afike paliponse, ndipo palibe chifukwa chowakometsera. Komabe amene anaipanga anayamba adzifunsa kumene chinthucho chikakhale: m'nyumba yofolera udzu, momwe muli utsi, fumbi ndi mphemvu. Funso limeneli ndilo phata la luso lonse loyala zipangizo zamagetsi.

Pamene Saucepan Special inkafalikira, kapangidwe ka wailesi kanali katayamba kale kusintha. Paul Eisler, katswiri wa ku Austria amene anasamukira ku England, anapanga mu 1936 wailesi imene m'malo mwa mawaya inali ndi njira za mkuwa zomatidwa pa kathabwa kosadutsa magetsi. Mu 1947 akatswiri a ku Bell Laboratories ku America anatulukira transistor, ndipo mu 1954 wailesi yoyamba ya transistor yogulitsidwa m'masitolo, Regency TR-1, inatuluka. Ziwirizi zitakumana, wailesi inapepuka, inayamba kuyendera mabatire a tochi, ndipo inakwana m'sutikesi ya munthu wobwerera kumudzi. Amuna opita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ndi ena ogwira ntchito m'mafamu ndi m'mafakitale a ku Southern Rhodesia, ankabwera ndi wailesi ngati umboni wa thukuta lawo, ndipo dzina la Supersonic, kampani ya ku Bulawayo, linadziwika m'midzi yambiri. Boma la Malawi linaimitsa maulendo a Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma pofika apo wailesi inali italowerera kale. MBC inayamba mu 1964, ndipo patangopita zaka zochepa kampani ya Nzeru Radio ku Blantyre inayamba kulumikiza wailesi zotsika mtengo m'dziko momwe muno. Wailesi zikachuluka, zowonongeka nazo zimachuluka, ndipo munthu wa ku Bembeke sakananyamuka ulendo wa ku Blantyre chifukwa cha waya umodzi wothothoka. Mtunda umenewo ndiwo unabala mmisiri wa pamsika.

Bolodi ya wailesi ya nthawi imeneyo inali yowerengeka. Tizipangizo tonse tinkakhala mbali imodzi, miyendo italowa m'timabowo, ndipo njira zonse za mkuwa zinkakhala mbali inayo. Munthu akaikweza kudzuwa ankaona mthunzi wa njirazo n'kudziwa kuti mwendo uwu ukukathera pati. Resistor inali yaitali mamilimita 6 kapena kuposa, kukula kwake kutalembedwa ndi mizere yamitundumitundu. Transistor inali ndi miyendo itatu yoti nsonga ya chitsulo chowotcherera ikhudze umodzi osakhudza unzake. Wailesi zina zinkabwera ndi chithunzi cha kayendedwe ka magetsi chitamatidwa kuseri kwa chivundikiro. Umboni wodziwika kwambiri wa mmene bolodi yotere inkaphunzitsira anthu ndi wa William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kufupi ndi Wimbe ku Kasungu, amene anabadwa mu 1987. Asanamange makina ake opanga magetsi ndi mphepo, amene anamufikitsa pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha mu 2007, iye ndi mbale wake ankakonza wailesi za anthu. M'buku la moyo wake la mu 2009 akufotokoza kuti ankachotsa kachipangizo kamodzi n'kumvera chimene chasintha m'mawu a wailesiyo, ndipo powotcherera ankatenthetsa waya wokhuthala pamoto. Chaka chomwecho cha 2009 dziko linamva za Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, amene anapanga nyumba youlutsira mawu ya m'mudzi yotchedwa Pachikweza pogwiritsa ntchito zidutswa za wailesi, mpaka anamangidwa chifukwa chosowa chiphaso. Waya wotenthetsa pamoto sungagwire ntchito pamalo pothinana. Anyamata awiriwa anaphunzira chifukwa mabolodi amene anawafika m'manja anali otakasuka.

Mmisiri amene wakhala zaka pa tebulo lotere amadziwa zambiri za mpata kuposa mmene iye mwini anganenere, chifukwa chimene chimabwera kwa iye ndi chinthu chimene chalephera. Magetsi amathawa m'njira yake mwa mitundu iwiri. Amatha kulumpha mumpweya, ngakhale mpweya wouma umapirira ndithu, pafupifupi ma volt 3,000 pa milimita imodzi. Amathanso kukwawa pamwamba pa bolodi, kutsatira fumbi lonyowa kapena dzimbiri. Miyezo ya padziko lonse ya mpata wa mumpweya inawerengedwera malo osapitirira mamita 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kupitirira apo imafuna kuti mpata uwonjezeredwe, chifukwa mpweya wa pamalo okwera ndi wopepuka, sutchinga magetsi kwambiri ndiponso suziziritsa zipangizo msanga. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri la Dedza, pamene pali nsanja zotumizira mauthenga, ili pafupifupi pa 2,200. Komabe mdani wa tsiku ndi tsiku kuno ndi wokwawa uja. Fumbi la mu October limakhazikika pa bolodi, utsi wa nkhuni umalimata, ndipo chinyezi cha dzinja kapena nkhungu ya mu June ndi July ikalowa, fumbilo limasanduka njira ya magetsi. Batire yotayikira imadya mkuwa, ndipo nyerere kapena mphemvu imalumikiza ndi thupi lake miyendo iwiri yoyandikana. Pa tchaja ya foni, imene mbali imodzi ili ndi ma volt 230 ndipo inayo ikupita m'manja mwa munthu, mamilimita angapo olekanitsa mbali ziwirizi ndiwo amateteza moyo. Mlimi wa kachewere wa ku Bembeke sangavutike kumva mfundoyi, poti amadziwa kuti akathithikanitsa mbewu pamzera, mphepo siidutsa m'masamba ndipo chiwawu chikagwira phando limodzi chimayenda mzera wonse.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mafakitale anayamba kusiya tizipangizo ta miyendo n'kutengera tina tongomata pamwamba pa bolodi, toikidwa ndi makina. Kusinthaku kunafika m'Malawi mwamphamvu ndi foni ya m'manja: TNM inayamba mu 1995, ndipo Celtel, imene lero ndi Airtel, inabwera mu 1999. Resistor ya m'foni imatha kukhala yaitali milimita imodzi kapena kucheperapo, yopanda chilembo chilichonse. Bolodi yake imakhala ndi magawo ambiri osanjikizana, moti njira zochuluka za mkuwa zimabisika m'kati momwe diso silingafike, ndipo ma chip aakulu amagwirira pa timipira tachitsulo tokhala pansi pake. Ntchito yokonza siinafe, ndipo aliyense wodutsa m'misika yathu amaona anyamata aluso akugwira ntchito ndi makina opemerera mpweya wotentha ndi magalasi okulitsa zinthu. Koma zinthu ziwiri zasintha. Choyamba, kulowa m'ntchitoyi tsopano kukufuna zida zodula ndi magetsi odalirika. Chachiwiri, kukonza kwambiri kwasanduka kusinthitsa chigawo chathunthu, galasi kapena batire kapena polowera tchaja, popanda kufufuza chifukwa chimene chinthucho chafera. Mwana wa lero akatsekula foni yakufa ya amayi ake sapezamo phunziro limene Kamkwamba anapeza m'wailesi.

Apa ndi pamene maloboti a achinyamata akulowera m'mbiriyi, chifukwa abweretsanso bolodi yowerengeka. Arduino, kabolodi kophunzirira kamene kanayambira ku Ivrea ku Italy mu 2005, kali ndi timabowo totalikirana mamilimita 2.54, muyezo wakale wa tizipangizo ta miyendo, ndipo pa mtundu wake wotchuka wa Uno chip chachikulu chimatha kuzulidwa n'kuikapo china. Pulogalamu ya KiCad yojambulira mabolodi ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi kompyuta. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsekula ku Kasungu malo oyeserapo ndege zopanda woyendetsa, ndipo mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga ndege zoterezi. Koma wophunzira akayamba kujambula bolodi yakeyake, chiyeso chimakhala chofuna kuthithikanitsa zonse kuti ifanane ndi ya m'foni, ndipo zotsatira zake ndi zimene wokonza wailesi akanalosera. Mota ya loboti ikakanirira pachitsa imakoka magetsi ochuluka kuposa ikamayenda bwino, ndipo njira yopyapyala ya mkuwa imapsa. Chip choyendetsa mota chimatentha, ndipo capacitor yamadzi yoikidwa mochigundira imauma msanga, poti moyo wake umatsika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Njira ya sensa ikayenda moyandikana ndi ya mota imatola phokoso la magetsi, loboti n'kuyamba kuchita zosayembekezeka. Mutu wa sikuluwu umakanda mkuwa woyandikana ndi bowo, ndipo pulagi yopanikizidwa pakati pa tizipangizo titalititali imasowa polowera chala. Palinso zofunika kuyandikana, monga capacitor yaing'ono imene iyenera kukhala pamwendo penipeni pa chip chimene ikuteteza. Luso lagona pa kudziwa choyandikiza ndi chotalikitsa.

Wina angatsutse kuti kuchepa kwa zipangizo ndiko chitukuko, ndipo kulakalaka mabolodi otakasuka n'kulirira zakale. Mfundoyi ili ndi mphamvu. Kuthina kwa tizipangizo ndiko kwatsitsa mtengo wa foni mpaka mayi wogulitsa tomato pa Lizulu akulandira ndalama pa foni, ndipo pa magetsi othamanga kwambiri njira zazifupi zimagwira bwino kuposa zazitali. Komabe foni imapangidwa m'mamiliyoni ndi makina, ndipo milimita iliyonse yopulumutsidwa ndi ndalama. Loboti ya mwana wa sukulu imapangidwa imodzi kapena khumi, ndi manja, ndipo idzawonongeka kambirimbiri isanayende bwino. Masentimita awiri owonjezera pa bolodi yotere saonjezera mtengo kwenikweni, pamene bolodi yosakonzeka imatayitsa ndalama zonse pamodzi ndi masabata odikira zida zochokera kunja. Ngakhale mayiko olemera ayamba kubwerera m'mbuyo pa nkhani ya zinthu zosakonzeka. France inayamba mu 2021 kulamula kuti mafoni, makompyuta a m'manja ndi zipangizo zina zizigulitsidwa ndi chizindikiro chosonyeza ngati n'zosavuta kukonza, ndipo European Union inavomereza mu 2024 lamulo lolimbikitsa kukonza zinthu m'malo mozitaya. Chimene iwo akuchifuna ndi malamulo, ife tinali nacho kale pa khonde la golosale.

Wina anganene kuti okonza wailesi amangoyesa mwayi, sadziwa masamu a magetsi, ndipo sangaphunzitse mainjiniya. N'zoona kuti alipo ena ongoganizira, ndipo ena amachita zoopsa monga kulumikiza waya pamalo a fuse yopsa. N'zoonanso kuti palibe amene angajambule bolodi yabwino osadziwa lamulo la Ohm kapena kuwerenga pepala lofotokoza chip. Koma sukulu imaphunzitsa mmene magetsi ayenera kuyendera, pamene tebulo la pamsika limaonetsa mmene amalepherera m'nyengo ya kuno. Mmisiri amene watsekula nyale za sola mazanamazana amadziwa kuti polowera tchaja ndi pamene pamathothoka msanga, kuti swichi imafa ndi fumbi, ndi kuti waya wa batire umaduka pamene wapindika. Mapepala a fakitale ya ku Shenzhen sanena zimenezi, chifukwa wolembayo sanaone chinthu chake chitatha nyengo ziwiri za dzinja m'nyumba ya ku Kasumbu. Umboni wa phindu la nzeru zoterezi ulipo m'zipatala zathu. Makina othandiza makanda kupuma otchedwa Pumani, amene anapangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anagwiritsa ntchito timapampu tosavuta topopera mpweya m'madzi a nsomba zoweta, kuti akhale otsika mtengo ndi osavuta kukonza. Anathandiza chifukwa owapanga anamvera anthu amene ankaona makina odula ochokera kunja akufa n'kungounjikidwa.

Chitsutso chachitatu n'cholemera kuposa zonse: m'boma la anthu oposa 830,000, ambiri mwa iwo alimi, m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba imodzi yokha mwa pafupifupi khumi ndiyo inkaunikira magetsi a ESCOM, maloboti si masewera a ana a anthu olemera kodi? Yankho lili m'boma la Dedza momwemo. Mu 2020 mudzi wa Mthembanji unalandira magetsi a sola a makilowati 12 ogawidwa kwa mabanja ndi mabizinesi pafupifupi 60, kudzera mu ntchito ya University of Strathclyde ndi bungwe la United Purpose. Mu 2022 ku Golomoti kunatsekulidwa malo opangira magetsi a sola a mamegawati 20, okhala ndi mabatire aakulu osungira mphamvu. Pakati pa ziwirizi pali nyale, mapanelo a padenga, ma inverter ndi mapampu othirira m'madimba amene akuchulukirachulukira. M'kati mwa chilichonse mwa zimenezi muli bolodi yokhala ndi sensa, chip choganiza ndi transistor yotsekula ndi kutseka magetsi, zomwezo zimene zili m'loboti ya mwana wa sukulu. Wophunzira amene wazindikira chifukwa chimene chip choyendetsa mota ya loboti yake chapsera ali kale panjira yodziwa chifukwa chimene pampu ya m'dimba yaimira. Magetsi akufika m'midzi ya Dedza kudzera m'zipangizo zing'onozing'ono zambirimbiri, ndipo chilichonse mwa izo chidzafuna wochikonza.

Mbiri imeneyi ikutipatsa zochita zooneka. Sukulu za sekondale ndi magulu a achinyamata amene akuyambitsa maphunziro a maloboti aitane mmisiri wa pamsika kuti abwere ndi mabolodi ake akufa, ana aone pamene mkuwa unapsa ndi pamene dzimbiri linadutsa asanajambule njira yawo yoyamba. TEVETA, imene yakhalapo kuyambira 1999, ili ndi udindo wozindikira luso limene anthu anaphunzira kunja kwa kalasi, ndipo okonza zipangizo zamagetsi akuyenera kukhala m'gulu loyamba kuyesedwa ndi kupatsidwa ziphaso, kuti masamu amene akusowa awapeze ndipo zimene akudziwa zilembedwe. Kwa wachinyamata amene wakhala pa kompyuta kujambula bolodi, muyezo wa ntchito yake ukhale wakuti mmisiri wa ku Mayani, amene sanaionepo, athe kuitsekula ndi sikuludiraiva wamba, awerenge dzina la kachipangizo kalikonse pambali pake, apeze poika nsonga za mita yoyezera, ndipo achotse chimene chapsa osawononga choyandikana nacho. Dziko limene limagula kunja pafupifupi chipangizo chilichonse chamagetsi silingakwanitse kutaya zinthu chifukwa cha kachidutswa kamodzi, ndipo mbadwo woyamba wa Amalawi ojambula mabolodi awoawo uli ndi mwayi wopanga zinthu zimene anthu a kwawo angathe kukonza ndi kuphunzirirapo.